Golosale ya pa kona aigwetsa

Nachisale: Abale anga, ndangofika kumene ku Lilongwe kuchokera ku Blantyre, tinali ku chinkhoswe cha mwana wa achimwene ku Zingwangwa. Dzulo masana ndinati ndisanakwere basi ndizungulireko ku Chitawira ndikaone nyumba yomwe tinakuliramo. Nyumbayo ilipo, koma aizinga mpanda wa njerwa, ndangoona denga ndi nsonga ya mtengo wa mapeyala womwe anabzala bambo anga. Zimenezo ndinazipirira. Chandiwawa ndi ichi: golosale ya a Pensulo aigwetsa. Pangotsala simenti ya pakhonde ndi mulu wa mchenga. Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa mpaka wa kabaza kundifunsa ngati ndasochera.

Mjomba wa ku Joni: Ayi asisi musatero. Golosale ija ya chitseko chobiriwira?

Nachisale: Yomweyo mjomba.

Mai a Tadala: Mayo ine. Ndikatseka maso fungo la mmenemo likundibwerera. Mafuta a nyali, sopo wa Sunlight, buledi wotentha, ndi usipa womwe unkakhala m'thumba kuseri kwa chitseko, zonse kusakanikirana. Fungo limenelo sindinalimvenso m'sitolo ina iliyonse.

Kamwana ka 95: Pepani akuluakulu, ife tinaipeza itatha kale mphamvu, munkangokhala machesi ndi mchere basi. Dzina loti Pensulo linali lawo lenileni?

Wa Maule: Iyayi mphwanga, linali lowapatsa ife ana. Madala aja pensulo sinkachoka kukhutu. Yofiira, yaifupi ngati chala, yosongoledwa ndi lezala. Ukagula zinthu zitatu ankaitsitsa, kunyambita kunsonga, n'kuwerengera pa pepala lomwelo akukulungirepo shuga. Ukafika kunyumba mayi ankayamba awerenga masamu a pa pepalalo asanalandire chenji. Ndiye kuba tambala kunali kovuta.

Mjomba wa ku Joni: Ndipo dzinalo sunkalitchula iwo akumva! Pamaso pawo unkati "agogo" kapena "bambo", utagwira ndalama ndi manja awiri. Tsiku lina ine pakamwa panaterereka, ndinati "a Pensulo ndipatseni machesi". Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anandipatsa machesiwo osayankhula kanthu. Ndikufika kunyumba nkhani inali itafika kale. Mpaka lero sindidziwa kuti inadutsa njira iti, poti ndinathamanga.

Nabanda wa ku Leeds: Kikiki nkhani za m'layini mwathu zinkayenda kuposa lamya. Ine ndangotuluka ku ntchito ya usiku, ndimati ndigone koma tulo tathawa. Mukukumbukira mitsuko itatu yagalasi inali pa kauntala? Wina wa masuwiti a mizeremizere, wina wa chingamu, wachitatu wa mabisiketi a Universal ogulitsa limodzilimodzi. Kauntala inali yaitali kwa ife, tinkachita kunyang'ama ndi zala za kuphazi kuti tione. Ndipo thabwa la kutsogolo linali litachita kusalala pamene tinkatsamirapo zibwano.

Mai a Tadala: Ndiye sopo wa mtanda ankadula ndi ulusi. Amayesa ndi zala zinayi, kukulunga ulusi, kukoka, wadula. Mayi anga ankandituma dala ine chifukwa ndinali kamwana kowoneka achisoni, akuti a Pensulo akandiona zala zawo zinkatambasuka pang'ono.

Aphunzitsi Opuma: Ana inu mwandikumbutsa kutali. Ine ndidalowa m'nyumba ya Housing kumeneko ndili mnyamata, nditangoyamba ntchito. Malawi Housing Corporation idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo nyumba zambiri za ku Chitawira, Nkolokosa ndi Kanjedza zidali zawo, anthu tinkangochita lendi. Okhalamo tidali aphunzitsi, anamwino a ku Queens, makalaliki a m'boma, ena a ku Railways, ena a ku David Whitehead. Tonse olandira pakutha pa mwezi. Ichi n'chifukwa chake golosale ija idali ndi kope la ngongole. Pofika pakati pa mwezi panalibe nyumba yomwe inkagula ndi ndalama m'manja, kaya ya mphunzitsi wamkulu kaya ya mesenjala. Tonse tinkakumana m'kope lija.

Wa Maule: Kope lakuda la chikuto cholimba! Linkakhala pansi pa sikelo.

Aphunzitsi Opuma: Lomwelo. Nyumba iliyonse idali ndi tsamba lake, pamwamba nambala ya nyumba, osati dzina. Ankati dzina limachititsa manyazi munthu wina akasuzumira.

Nachisale: Aphunzitsi, zoti sankalemba maina chifukwa chimenecho ndazidziwa lero. Ife tinali nambala 14. Mayi ankangoti "pita ukatenge shuga ndi Chombe, ukanene kuti alembe". Ine ndinkaona ngati "alembe" ndi mtundu wina wa ndalama. Mpaka ndinakafunsa bambo kuti bwanji osangogula galimoto n'kunena kuti alembe.

Noma Mpaka Kale: Hahaha asisi mwandipha. Koma kutumidwa kunali ntchito amwene. Mayi anga ankalavula malovu pa simenti ya pakhonde, n'kunena kuti akauma usanabwere uona. Ndiye umanyamuka ukuimba mndandanda kuti usaiwale, shuga machesi Covo, shuga machesi Covo. Kufika pa bwalo paja upeza anzako akusowa munthu mmodzi pa mpira wa chikulunga. Umati ndingomenyako kamodzi. Pomafika pa golosale nyimbo ija yasanduka mchere kandulo Surf.

Mjomba wa ku Joni: Ndipo madala aja ankadziwa. Ankakufunsa kuti "mayi ako akuphika chiyani?" Ukati akazinga mazira, iwo "ndiye akutuma mafuta, osati Surf. Botolo lili kuti?" Botolo walisiya pa golo ngati chizindikiro.

Kamwana ka 95: Mafuta munkapita ndi botolo lanu?

Mai a Tadala: Eya mwanawe. Mafuta ophikira botolo lako, a nyali botolo lakonso, ndipo tsoka kwa iwe ukawasokoneza. Analipo kamuyezo kachitini kokhala ndi chogwirira chachitali, ndi fanulo. Akathira ankadikira dontho lomaliza ligwe, kenako kagwedezedwe kamodzi, ndiyo inali basela yako. Fanta nayenso sunkachoka naye popanda kusiya botolo lopanda kanthu. Ukakhala ulibe unkamwera pomwepo pakhonde, iwo akukuyang'anira.

Wa Maule: Fanta tinkamuona liti ife? Pa Khirisimasi, pa 6 July, ndi ukadwala malungo. Ine ndinkachita kusirira mlongo wanga akadwala. Fanta ndi buledi wopaka Stork, iye akukana kuti pakamwa pakuwawa, ine ndili pambali kudikira zotsala.

Nabanda wa ku Leeds: Ine ndinali wa Cherry Plum, lilime lichite kufiira kuti aliyense m'layini adziwe kuti kwathu zayenda. Achimwene anga anali a Cocopina. Kuno ndalawa zakumwa za mitundumitundu koma ndikatsika pa Chileka choyamba kufunsa ndi chomwecho.

Noma Mpaka Kale: Zitsekerero zake tinkatolera pakhonde pomwepo n'kupanga matimu. Za Fanta Wanderers, za Coca-Cola Bullets, chifukwa cha kufiira. Ndipo Loweruka kapena Lamulungu masana khonde lija linkasanduka Kamuzu Stadium. Wailesi ya Nzeru ija ankaitsitsa pa shelefu n'kuiika pa kreti, mabatire atawayanika padzuwa kuyambira m'mawa. Steve Liwewe Banda akakweza mawu tonse tinkaimirira ngati mpirawo tikuuona.

Wa Maule: Ndipo a Pensulo anali a Bata Bullets, usabise aise. Lawrence Waya akagoletsa ana tonse a pakhonde tinkalandira suwiti imodziimodzi.

Noma Mpaka Kale: Bodza limenelo! Madala aja analibe mbali. Limbe Leaf Wanderers ikawina ankatipatsanso.

Wa Maule: Ankakupatsani yopepesa chifukwa zinkachitika mwa apo ndi apo.

Noma Mpaka Kale: Iwe zaka zonsezi sunasinthe. Tikumana pa derby.

Kamwana ka 95: Koma suwiti inali ndalama zingati nthawi imeneyo? Ine tambala ndinangoiona m'chitini cha mabatani cha agogo.

Mjomba wa ku Joni: Ine ndinayamba kugula suwiti pa 1 tambala. Ukatola 5 tambala mumsewu unali bwana wa layini yonse tsiku limenelo, anzako akukunyamulira ndi galimoto yako yamawaya.

Aphunzitsi Opuma: Mdzukulu, tamvera. Kwacha idayamba mu 1971, kulowa m'malo mwa paundi. Paundi imodzi idasinthidwa kukhala K2, ndiye shiling'i idafanana ndi 10 tambala. Ife akale pakamwa padakana kusintha. A Pensulo mpaka zaka za m'ma 1980 ankanenabe kuti "shiling'i ziwiri" pofuna kunena 20 tambala, ndipo K2 ankaitcha paundi. Ndalama zachitsulo zija chilichonse chidali ndi chithunzi chake kuseri kwa nkhope ya Kamuzu: 1 tambala tambala weniweni, 10 tambala chimanga, 20 tambala njovu. Ana osadziwa kuwerenga ankatumidwa ndi zithunzizo. "Wapatsidwa njovu imodzi, ubwere ndi chimanga chimodzi."

Nachisale: Njovu ija inali ndi kamwana kake pambali. Ndinkaikonda moti ndinkachita chisoni kuipereka.

Mai a Tadala: Koma tisaiwale atelala a pakhonde paja. Makina a Singer opalasa ndi phazi, tepi m'khosi, choko cha buluu. Mayi ankakagula nsalu ya Whitehead kwa amwenye ku Limbe mwezi wa November, n'kukaisiya kuti asoke madiresi a Khirisimasi. Tsiku lililonse ukadutsa, "abwere mawa". Pa 24 December usiku azimayi a layini yonse ali pakhonde ndi nyali, atelala akupalasa thukuta lili kamukamu. Diresi langa lina ndinalowa nalo m'tchalitchi lili ndi mapini kumsana.

Nabanda wa ku Leeds: Ndipo poyeza mayi ankati "muonjezereko, akulira momwemo". Yunifomu yanga ya Sitandade 3 ndinavula ndili Sitandade 6, itayamba kundikwana kumene. Kuphazi sofiya wa ku Bata, dzuwa likatentha phazi likuterereka mkati.

Wa Maule: Anyamata athu anali ometa a pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golosale. Makina a pamanja aja osadula koma kuzula. Ukalira ankakugwira mutu ngati akusankha dzungu. Sitayilo inali imodzi basi, ndipo bambo ankanena okha asanapite ku ntchito.

Mjomba wa ku Joni: Kunena zoona abale, nthawi ya Kamuzu zinthu zinali bwino. Ndalama inali ndi mphamvu, misewu yosesedwa, mabasi a kampani ya UTM akubwera pa nthawi yake, usiku umayenda osaopa. Si izi tinathawira kuno kudzatukwanidwa ndi ana aang'ono.

Nabanda wa ku Leeds: Mjomba, chikomekome cha mkuyu. Tinali ana, sitinkaona zonse. Ine ndikukumbuka mayi anga akubwezedwa pa geti la msika chifukwa anaiwala khadi la chipani m'diresi lina, ayufi a malaya ofiira atatsekereza, ine ndili kumbuyo ndi dengu. Anayenda ulendo wonse kubwerera kunyumba osayankhula, ndiwo tinadya masamba a maungu a kuseri kwa nyumba. Ndipo azakhali anga atabwera kuchokera ku Zambia atavala buluku, mayi anawathamangira ndi chitenje pa siteji.

Aphunzitsi Opuma: Nonse mukunena zoona. Lamulo la kavalidwe lidabwera mu 1973, akazi osavala buluku kapena siketi yaifupi, ndipo amuna tsitsi lalitali linkametedwa mokakamiza. M'golosale muja inu munkaona mitsuko ya masuwiti, ife akulu tinkaona chithunzi cha Ngwazi pamwamba pa shelefu, chomwe sitolo iliyonse inkayenera kupachika, ndipo pasakhale kanthu kena pamwamba pake. Pakhonde paja tinkakamba za mpira ndi za mvula. Munthu wachilendo akakhala pa benchi, a Pensulo ankakweza wailesi. Tonse tinkamva tanthauzo lake.

Mjomba wa ku Joni: Aphunzitsi ndagonja, koma buledi anali wamkulu.

Admin: Akuluakulu, ndale tizisiye pa geti monga mwa lamulo la gulu lino. Tibwerere ku golosale.

Noma Mpaka Kale: A Admin, iyi si ndale koma mbiri, ndiloleni. Ndani akukumbuka May 1992? Sitiraka inayambira ku David Whitehead, kenako tauni yonse inavunduka, anthu kuthyola masitolo a PTC. Ife anatibweza kusukulu, tikumva mfuti chakutali. Masitolo onse anatseka. A Pensulo anatseka chitseko chobiriwira chija n'kutulutsa mpando, kukhala pakhonde manja ali pa ndodo. Gulu la anyamata linadutsa likuthamanga ndi katundu pamutu, ena a m'dera lomwelo. Palibe anaponya ngakhale mwala. Mmodzi anachita kuima n'kupereka moni, thumba la shuga lili paphewa.

Wa Maule: Akanathyola bwanji poti mayi ake anali ndi tsamba m'kope?

Mai a Tadala: Chaka chomwecho ndi cha chilala chija tinadya nsima yachikasu. Kwathu tinali ana asanu ndi awiri kuphatikiza a malume awiri ochokera ku Thyolo. Bambo anadwala miyezi itatu. Ndimakumbuka mayi akuvala mpango madzulo, kuti apite okha ku golosale kutada, osatuma mwana. Ankabwera ndi kathumba pansi pa chitenje. Nditakula ndinawafunsa, anati a Pensulo ankangoti "mayi, pitani mukaphikire ana, kope silithawa". Sindingathe kulemba zambiri, misozi.

Nachisale: Pepani asisi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anthu aja ankazichita osati kungonena.

Kamwana ka 95: Nanga inafa bwanji poti anthu munkaikonda chonchi? Ine ndimakumbuka mashelefu opanda kanthu ndi agogo akuwodzera.

Aphunzitsi Opuma: Zidayamba mu 1994. February chaka chimenecho boma lidaileka kwacha kuti iziyenda yokha pa msika, ndipo idagwa kwambiri. Taganiza munthu wokongoza shuga pa 10, n'kulandira ndalama yake pa 30, popita kukaoda ku Chipiku n'kupeza ndalamayo sikugulanso shuga yemwe adakongoza. Iye mtengo wa m'kope sankasintha, ankati zomwe ndidalemba ndidalemba. Kachiwiri, malonda atamasuka nyumba iliyonse idatsegula okala pa windo, mavenda adadzaza misewu, ufa n'kumagulitsidwa m'timapepala ta walkman. Kachitatu makampani adayamba kuchepetsa anthu, ena kutsekedwa, ndipo ambiri a m'kope muja ntchito zidawathera. Ena adabwerera kumudzi usiku osatsanzika. Masitolo akuluakulu a pa Chichiri pomabwera, golosale idali itagwada kale.

Mjomba wa ku Joni: Komanso maliro a zaka zimenezo aphunzitsi. Layini yathu yokha nyumba zingati zinatsala ndi ana okhaokha.

Aphunzitsi Opuma: Usandikumbutse, mwana wanga. Ndipo pa maliro aliwonse shuga ndi masamba a tiyi oyamba kufika pa siwa ankachokera pa kona paja.

Nabanda wa ku Leeds: Komatu ifenso tisadziyeretse. Titayamba kugwira ntchito tinkadutsa pakhonde paja ndi majumbo a m'tauni, n'kungokweza dzanja. Ine ndinachitapo, ndipo ankandiyankha ndi nkhope yosekerera, "wakula nambala 22".

Nachisale: Poti tayamba kuulula, nane ndiulule, mwina ndigona bwino. Ndili Sitandade 4 ndinapeza nzeru. Mayi akandituma kuti alembe shuga, ine ndinkaonjezera kuti "ndi masuwiti awiri akuti alembenso". Ndinachita kangapo ndithu, mwina mwezi wathunthu. Ndinkadyera kuseri kwa chigayo kuti ang'ono anga asaone. Kutha kwa mwezi bambo anapita kukalipira, ine mtima uli phaphapha, ndinakabisala kubafa. Anabwera, anakhala pansi, anamwa tiyi, osanena kanthu. Mwezi wotsatira ndinayesanso, a Pensulo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti "lero masuwiti atha", mtsuko uli wodzaza pamaso panga. Ndinasiyira pomwepo. Koma mpaka lero sindimvetsa kuti bambo sanaone bwanji, munthu woti ankawerenga ndi machesi omwe.

Wa Maule: Asisi a Nachisale inu? Amene munkatitsogolera ku Sande sukulu?

Noma Mpaka Kale: Mlandu suola asisi, konzekani.

Mzime wa pa Golosale: Moni nonse makolo ndi abale anga. Ine ndakhala chete m'gulu lino chilowereni, ambiri simundidziwa, ena mungandikumbuke ngati kamtsikana kankakhala pa thumba la mchere kuseri kwa kauntala. Amene mukuwatchula a Pensulo ndi bambo anga. Dzinalo ankalidziwa, ndipo ankaseka nalo kunyumba. Ndawerenga zonse kuyambira m'mawa, ndalira, ndaseka, ana anga mpaka kundifunsa ngati foni yandiluma.

Mai a Tadala: Mayo! Iwe ndi kaja ka timaliboni tofiira? Mwana wanga, uli kuti masiku ano?

Mzime wa pa Golosale: Ndine ndemwe amayi, ndili ku Zomba. Malo aja tinagulitsa ndife ana, musawada ogulawo. Bambo atatisiya panalibe woti n'kukhalapo, denga linkadontha, ndipo mayi ankafunika chisamaliro. Zinatiwawa koma panalibe kuchitira mwina. Katundu wambiri tinagawa. Sikelo ili kwa achimwene ku Bangwe, miyala yake ana amaseweretsa. Ine ndinatenga mtsuko umodzi wagalasi, ndimasungiramo mpunga, ndi makope. Alipo asanu ndi limodzi, ndawatulutsa m'sutikesi pano ali pamiyendo panga.

Mjomba wa ku Joni: Eee. Achemwali, tsamba la nambala 9 musalitsegule pagulu, tikambirane kumbali.

Wa Maule: Hahaha mjomba wayamba kutuluka thukuta ku Joni.

Mzime wa pa Golosale: Musaope achimwene, sinditchula za munthu. Bambo sankalola ngakhale ife ana kusuzumiramo. Koma a Nachisale poti mwaulula nokha, ndiloleni ndikuyankheni. Kumapeto kwa kope lililonse kuli masamba omwe pamwamba analemba kuti "Zanga". Ndapeza nambala 14 mmenemo. Palembedwa kasanu ndi kawiri, masiku osiyana, "mwana wa 14, masuwiti 2". Pa tsamba la nyumba yanu palibe suwiti ngakhale imodzi, pali shuga, Chombe, sopo ndi mafuta basi. Bambo anu sanaone chifukwa panalibe choti aone.

Nachisale: Ambuye wanga.

Nabanda wa ku Leeds: Ndiye ankadziwa kuyambira tsiku loyamba.

Mzime wa pa Golosale: Ankadziwa. Ndipo simunali nokha, masamba a "Zanga" ndi odzaza. "Mwana wa 6, waswa botolo la mafuta, ndamuthiranso." "Mwana wa 31, wataya chenji, akuopa kupita kwawo." Pena analemba mawu amodzi okha, "maliro", ndi mndandanda wa zinthu pansi pake. Mayi ankakangana nawo chifukwa cha masamba amenewa, ndimawamva usiku akuti golosale si tchalitchi. Kunena zoona mayi sankalakwa. Ife tinavutika nayo sukulu, ine fizi ya Fomu 3 anandilipirira ndi amalume, bambo ali ndi makope odzaza ndi ndalama za anthu. Ndinawakwiyira zaka zambiri ndithu. Lero kuwerenga zomwe mwalembazi sindikudziwa kuti ndimve bwanji.

Noma Mpaka Kale: Nambala 6 ndi ine. Botolo linagwa pa golo. Ndinkaganiza kuti palibe anadziwa kupatula ine ndi iwo.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, mawu ako ndawamva, ndipo sindikutsutsa. Ife tidadya thukuta la bambo ako, inu ana n'kumagona ndi njala ya fizi. Ndikupempha chinthu chimodzi. Tsegula kope lomaliza, uone nambala 3. Ndikudziwa kuti nditapuma ntchito ndidasamuka mothamanga, ndalama za penshoni zitachedwa. Ngati pali chotsala undiuze kumbali, usachite manyazi ndi imvi zangazi.

Mzime wa pa Golosale: Agogo, ndaona. Ndikuyankhani kumbali.

Mai a Tadala: Nanenso undionere nambala 17, chaka cha 1992. Mayi anati anamaliza koma ndikufuna ndidziwe. Komanso amayi ako alipo?

Mzime wa pa Golosale: Alipo amayi, ndikukhala nawo konkuno, maso ndiwo avuta koma mutu uli bwinobwino. Ndawawerengera zina. Pa nkhani ya atelala aseka mpaka kutsokomola, akuti munthu uja anawasokerapo bulauzi ya Mvano manja awiri osiyana kutalika. Nambala 17 yonse ndi yodulidwa mzere, ndipo pansi pake bambo analemba kuti "amaliza, December".

Mai a Tadala: Zikomo mwana wanga. Uwauze amayi kuti mwana wa anamwino a pa 17, uja ankabwera kudzagula sopo, akupereka moni. Ndidzabwera ku Zomba mwezi wamawa ndidzawaone.

Mjomba wa ku Joni: A Admin, nkhani iyi isathere pa misozi ya pa foni. Tsegulani kagulu kena ka okhawo a m'kope, aliyense afunse tsamba la kwawo. Koma tigwirizane kawerengedwe, chifukwa ngati ndibweza 85 tambala ya 1988 monga ilili ndiye ndi chipongwe.

Aphunzitsi Opuma: Tiwerengere katundu, osati ndalama. Amene adakongola paketi ya shuga abweze mtengo wa paketi ya shuga lero.

Mzime wa pa Golosale: Abale, sindinabwere kudzatolera ngongole, chonde musandimve molakwa. Ndiyambe ndakambirana ndi achimwene ndi amayi. Amayi ndawafunsa pompano, akuti za m'masamba a nyumba mukhoza kukambirana, koma za "Zanga" asakhudze munthu, mwini wake anatseka yekha.

Nachisale: Ndiye masuwiti anga khumi ndi anayi ndiwatani ine?

Wa Maule: Mukagule paketi asisi, mukagawire ana a Sande sukulu, muwauzenso komwe achokera.

Kamwana ka 95: Anti a ku Zomba, tajambulaniko chikuto chokha cha kope limodzi tione, osatsegula mkati. Ndi pensulo ija ngati ilipo.

Mzime wa pa Golosale: Chikuto ndijambula magetsi akayaka, foni yatsala pang'ono kuzima. Pensulo palibe mwanawe. Achimwene anaiika m'thumba la jekete lomwe tinawaveka.

Admin: Kagulu kaja ndatsegula, ofuna kulowa anditumizire nambala ya nyumba, osati dzina. Mjomba wa nambala 9 ndakulowetsani kale.